Manachesi Awiri pa Tsiku

Ku Cape Town mvula imagwa mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, miyezi imene ku Malawi, ku Chipata ndi ku Angonia anthu amakhala atakolola kale, udzu utauma, fumbi litayamba. Imabwera ndi mphepo yozizira yochokera kunyanja ya mchere, ndipo ikachezera usiku wonse, m'makomboni a nyumba za malata madzi amalowa mpaka pansi pa bedi. M'nyengo yomweyi ndi mmene mzindawu umadzaza manachesi. Amagulitsidwa m'timatumba ta ukonde pa maloboti, pa masiteshoni a sitima ndi pokwerera minibasi ku Wynberg ndi ku Retreat. Makoko ake amangoti mbwee m'mbali mwa msewu, ndipo wina akasenda limodzi m'minibasi yotseka mawindo, fungo limafika mpaka kwa dalaivala.

Bambo wina wa ku Mwanza adakhala akudutsa timatumbati m'mawa ndi madzulo kwa zaka zisanu ndi chimodzi osagulako ngakhale kamodzi. Chipatsochi sichidali chachilendo kwa iye, pakuti adakulira pansi pa mitengo yake. Malemu bambo ake adali ndi mitengo yoposa makumi atatu kuseri kwa nyumba, ndipo nyengo ikakwana nthambi zinkawerama mpaka kuzichirikiza ndi mphanda. Ali mnyamata ankasenza madengu kupita nawo kumsewu waukulu wochokera ku Blantyre, kumene mabasi ndi malole opita ku Zobue ndi ku Tete amaima, ndipo otsala madzulo ankangopatsa aliyense wodutsa. Ogwa okha ankawolera pansi, nkhumba n'kumatola, ndipo ana ankagendana nawo pochokera kusukulu. Chinthu chimene munthu adagendana nacho ali mwana n'chovuta kuchitulutsira ndalama atakula, makamaka ndalama yopezeka kutali chotere. Ndiponso kumudzi kwawo nachesi silinkawerengedwa m'gulu la zakudya. Chakudya chidali nsima. Zipatso zidali zotolatola za ana ndi za odwala, ndipo bambo wa ndevu zake wosenda nachesi pamsewu ankaoneka ngati wosowa chochita.

Ntchito yake idali ya m'minda ya maluwa, monga Amalawi ambiri mumzindawu. Masiku anayi pa sabata ankatchetcha kapinga ndi kudulira mipanda m'nyumba za ku Constantia ndi ku Tokai, n'kumagona ku Capricorn, pafupi ndi Muizenberg, m'kachipinda ka malata kolipira mwezi ndi mwezi. Ndalama zake zinkakhala zitagawidwa kale asanazilandire: ya lendi, ya minibasi, ya magetsi, ndipo zotsala zonse zinkapita kumudzi kudzera ku Mukuru. Chaka chimenecho mwana wake wachisamba, wamkazi, adasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, malata a nyumba adali asanakwane, ndiponso feteleza adali atakwera mtengo. Popeza lendi sachepetsa ndipo minibasi sanenerera, malo okha otsala odulapo adali pamimba pake.

M'mawa ankadya buledi ndi tiyi. Masana, buledi yemweyo ndi chakumwa chotsekemera cha m'botolo. Madzulo ankaphika nsima, ndiwo zake nyama ya soya ya m'paketi, kapena mitu ndi mapazi a nkhuku, mwina dzira. Masamba adawasiya, chifukwa munthu wofika kunyumba kutada, atanyowa, alibe mtima woyamba kutsuka ndi kuduladula repu. Koma sadagone ndi njala tsiku ndi limodzi lomwe. Akaimba foni kumudzi, mayi ake ankafunsa kuti, "Kodi ukudya, mwanangu?" ndipo iye ankayankha moona mtima kuti akudya ndipo akukhuta.

Zizindikiro zidabwera mozemba. Poyamba kudali kutopa, kwakuti wilibala imene ankaikankha akuimba mluzu idayamba kumulemera. Kenaka potsuka mano ankalavula magazi, nkhama zitatupa, ndipo m'miyendo mudatuluka timadontho tofiira ndi mikwingwirima pamalo pomwe sadadzigunde. Tsiku lina waya wa mpanda udamukala pamsongolo. Kadali kabala koti kwawo akadangotsuka ndi madzi a mchere n'kuiwala, koma padatha masabata atatu kasanapole. Usiku, mvula ikulira padenga, ankaganiza zambiri: za chifuwa chachikulu, za kachilombo, za shuga amene adatenga malume ake, ngakhalenso za anthu ena kumudzi amene sadakondwe kuona njerwa zake zikukwera. Kuchipatala sadapite, chifukwa kwa munthu wolipidwa pa tsiku, tsiku la pamzere ndi tsiku lopanda malipiro.

Adamutulukira ndi mlongo wake, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Fish Hoek. Adabwera Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, adavundukula mapoto, adasuzumira pashelefu, kenaka maso ake adagwera pamwendo.

"Achimwene, balali layamba liti?"

"Aaa, n'kakang'ono, achemwali. N'kuzizira kwa kunoku."

"Nanga m'kamwamo? Mukuyankhula mutaphimba pakamwa ngati muli kwa apongozi. Mawa tipitira limodzi ku kiliniki. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Inu mukagona pansi, fizi ya mwanayo alipira ndani?"

Funso lomalizali ndi limene lidamudzutsa m'mamawa.

Ku kiliniki adamuyeza zonse zimene ankaziopa, ndipo zonse zidatuluka bwino, kupatula magazi amene adali otsikirapo. Namwino, mayi wachikulire wobadwira mumzinda momwemo, adatsuka bala, adayang'ana nkhama, n'kumufunsa zimene iye sadayembekezere: kuti atchule zonse zimene adadya dzulo lake, dzana lake ndi sabata yonse yapitayo. Mndandanda udali waufupi. Atafunsidwa kuti chipatso kapena masamba adadya liti komaliza, adawerenga chammbuyo mpaka adafika pa Pasaka. Mayiyo adapukusa mutu, adamupatsa mapiritsi a vitamini C ndi a ayironi, ndipo pomutsanzika adapisa m'thumba la yunifomu n'kuika kanthu patebulo. Adati mapiritsi adzatha, koma ichi chikugulitsidwa pachipata pomwepo, azidya ziwiri tsiku lililonse. Adachitchula ndi dzina la kwawo: naartjie.

Bamboyo adamva "nachi", ndipo adaseka koyamba m'masabata ambiri. Adayesa kuti namwinoyo adatola mawu a Chichewa kwa Amalawi obwera pa kilinikipo. Mlongo wake ndiye adamuuza ali panja kuti nkhani ili chozondoka: dzinalo ndi la komweko, obwereka ndi Achewa.

Mlongoyo sadalakwe. Naartjie ndi mawu a chiyankhulo cha Afrikaans, ndipo olemba madikishonale a ku South Africa amawalondola mpaka ku Chitamilu, chiyankhulo cha kumwera kwa India ndi ku Sri Lanka, kumene kuli dzina lofanana nalo la chipatso cha mtundu wa mandimu. Cape Town adali doko la kampani ya Adatchi yochita malonda ndi maiko a kum'mawa, ndipo kwa zaka zoposa zana kunkafika akapolo ochokera ku India, Sri Lanka, Indonesia, Madagascar ndi Mozambique, aliyense ndi mawu a kukhitchini ndi a kumunda kwawo. Zipatsozi zikachuluka, Afrikaans imati naartjies. Chichewa chidatenga mawuwo pamodzi ndi s wa kumapetoyo n'kumusandutsa mbali ya tsinde, monga chidachitira ndi banzi ndi sokosi, kenaka chidaika ma- wake kutsogolo. Choncho munthu akamati manachesi amakhala atachulukitsa kawiri osadziwa. Njira zoti mawu otere ayendemo kupita kumpoto zidali zotseguka kwa zaka zambiri. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed wa ku South Africa adamanga ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896 ndi ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899. Amuna zikwizikwi adapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela ndi pa Theba, n'kubwerera ndi masutikesi, mabulangete ndi mawu atsopano. Achewa a ku Tete ndi Anyanja a ku Niassa, amene sukulu yawo ndi ya Chipwitikizi, amadziwanso dzina lakuti tangerina, lochokera ku doko la Tangier ku Morocco. Kwawo kwenikweni kwa mtengowu ndi kumwera kwa China.

Chinanso chimene bamboyo sadadziwe n'chakuti matenda amene adayamba kumugwira ndi amodzi mwa zifukwa zimene mzindawo udamangidwira. Amalinyero oyenda pakati pa Ulaya ndi India ankakhala miyezi yambiri panyanja akudya mabisiketi ouma ndi nyama ya mchere. Ankakhuta ndithu, koma nkhama zinkatupa, mano kugwedera, zipsera zakale kutsegukanso, ambiri n'kufa. Amenewa ndi matenda a chiseyeye. Ulendo wa Vasco da Gama udakumana nawo mu 1498 m'mphepete mwa nyanja ya kum'mawa kwa Africa, ndipo odwala adapezako bwino ku Mombasa, kumene adalandira malalanje. Jan van Riebeeck atafika ku Table Bay pa 6 Epulo 1652, ntchito imene adatumidwa idali yolima dimba ndi kupeza madzi ndi nyama zopatsa zombo zodutsa. Dimbalo lilipobe pakati pa mzinda, dzina lake Company's Garden, ndipo mitengo yoyamba ya malalanje idafika ku Cape mu 1654 kuchokera pachilumba cha St Helena. Mu 1747 dokotala wa ku Scotland, James Lind, adatenga amalinyero 12 odwala chiseyeye m'chombo cha Salisbury, adawagawa awiriawiri, gulu lililonse ndi mankhwala ake. Awiri amene ankapatsidwa malalanje awiri ndi ndimu limodzi pa tsiku ndiwo adachira msanga. Chochiritsacho chidadziwika bwino m'zaka za m'ma 1930, ndipo Albert Szent-Györgyi wa ku Hungary adalandira mphoto ya Nobel mu 1937, mwa zina chifukwa cha ntchito yake pa vitamini C. Buledi wa wosamalira maluwa wa ku Mwanza ndi bisiketi ya mmalinyero zidali chakudya chimodzimodzi, ndipo thupi lidayankha chimodzimodzi.

Thupi la mbuzi, la galu ndi la nkhuku limadzipangira lokha vitamini C. La munthu silitha kutero, ndiponso silisunga wochuluka, moti akasiya kumudya, pakatha mwezi umodzi kufikira itatu nkhokwe imakhala itatha. Vitamini ameneyu ndi amene thupi limagwiritsa ntchito popanga kolajeni, ulusi wolimba umene umamanga khungu, nkhama, timitsempha ta magazi ndi mnofu watsopano wotseka bala. Akasowa, thupi limayamba kumasuka pamfundo, ngati denga lomangidwa ndi luzi lofumbwa. Mu buledi mulibe, mu tiyi mulibe, mu nsima mulibe, mu dzira mulibe, ndipo nyama yophikidwa nthawi yaitali siithandiza. Ufa wa chimanga ndi wa tirigu wopangira buledi ku South Africa umathiridwa ayironi, zinki, vitamini A ndi mavitamini a gulu la B potsata lamulo la mu 2003, koma vitamini C sali pamndandandawo. Munthu akhoza kudya zonsezi katatu pa tsiku, mimba ili tho, pamene njala ina yosamveka ikumudya m'kati.

Magalamu 100 a nachesi losenda, kutanthauza nachesi limodzi lokulirapo, ali ndi mamiligalamu pafupifupi 27 a vitamini C. Mabungwe a WHO ndi FAO amati munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 45 pa tsiku, pamene ku America muyezo ndi 75 kwa amayi ndi 90 kwa abambo. Motero nambala ya namwino uja siidali yongolota: manachesi awiri amakwaniritsa muyezo woyambawo n'kupitirira theka la wachiwiriwo. M'magalamu 100 omwewo muli madzi magalamu 85, shuga wachilengedwe pafupifupi magalamu 11, ndi mphamvu zokwana makalori 53. Muli potaziyamu mamiligalamu 166, mchere wothandiza kuti magazi asathamange mopyola muyezo, ndi kashiamu mamiligalamu 37. Mulinso magalamu pafupifupi 2 a timinyewa tosagayika tothandiza kuti munthu asadzimbidwe, ndipo tambiri timakhala m'kakhungu ka timagawo ndi mu ulusi woyera uja umene ana amauchotsa mosamala n'kutaya. Mtundu wofiirira wa mnofu wake umachokera ku chinthu chotchedwa beta-cryptoxanthin, chimene thupi limachisandutsa vitamini A, wofunika kumaso ndi ku chitetezo cha thupi. Pa chimenechi nachesi limaposa lalanje, ngakhale kuti pa vitamini C lalanje lili ndi wochuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri.

Pali ntchito ina ya vitamini C imene imakhudza magazi otsika aja. Ayironi wa m'nyemba, nandolo, bonongwe ndi ufa salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama. Vitamini C akadyedwa pa chakudya chomwecho amamutsegulira njira, pamene tiyi amamutsekereza. Bamboyo ankachita zosemphana ndendende: ufa ndi buledi wake zidali ndi ayironi, koma ankatsitsira ndi tiyi wakuda, wopanda chipatso chilichonse pambali. Namwino adamulangiza kuti nachesi azidya atangosamba m'manja pa nsima, ndipo tiyi azidikira ola limodzi kapena kuposa. Malangizo omwewa ndi ofunika kwambiri kwa amayi oyembekezera ndi kwa atsikana amene atha msinkhu, pakuti iwo ndiwo amachepa magazi kawirikawiri.

Komabe nachesi lisatamandidwe mopyola. Zomanga thupi zilimo zosakwana galamu imodzi m'magalamu 100, mafuta ndi ochepetsetsa, ndipo palibe amene angagwire khasu tsiku lonse atadya manachesi okha. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa ku Malawi, nachesi limangodzaza malo amodzi, a zipatso. Zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, masamba ndi mafuta zimafunikabe. Sililetsa chimfine, ngakhale ogulitsa amatero: vitamini C amangofupikitsa pang'ono masiku a chimfine kwa amene amamudya nthawi zonse. Si nkhama iliyonse yotuluka magazi imene ili ya chiseyeye, pakuti nthawi zambiri vuto limakhala la mano osatsukidwa bwino, ndipo bala losapola likhoza kukhala la shuga. N'chifukwa chake mlongo uja adachita bwino kuyambira ku kiliniki. Madzi ofinyidwa a m'botolo sangalowe m'malo mwa chipatso chathunthu, chifukwa timinyewa tija timatsalira pofinya ndipo shuga amalowa m'magazi mofulumira. Ndiponso nachesi si mfumu ya vitamini C. Gwafa ali ndi mamiligalamu oposa 200 m'magalamu 100. Malambe, masau a ku Tete ndi a kuchigwa cha Shire, papaya, mango ndi tomato zili naye, ndipo masamba ali naye akapanda kuphikitsidwa kapena kuthiridwa soda, pakuti moto wautali ndi soda zimamuwononga.

Ubwino wa nachesi uli pa nthawi yake ndi pa kuphweka kwake. Limapsa m'nyengo yozizira, mango atatha kalekale. Silifuna moto, mpeni, mbale kapena madzi otsukira mnofu wake, pakuti limabwera litavala kale. Limakwana m'thumba la ovololo, ndipo munthu wa manja a dothi akhoza kusamba, kusenda ndi kudya pa mphindi ziwiri zopuma. Bungwe la WHO limalangiza magalamu 400 a zipatso ndi masamba pa tsiku; manachesi awiri ndi pafupifupi theka la ulendowo, pamtengo wosaposa wa botolo la chakumwa chimene bamboyo ankagula masana.

Manachesi a m'misewu ya Cape Town amachokera m'minda ya m'chigawo cha Western Cape, monga ya ku Citrusdal, m'chigwa cha mtsinje wa Olifants, pamsewu wa N7 wopita kumpoto. Amapsa motsatizana: a mtundu wa Satsuma amayamba, Clementine ndi Nova n'kutsatira, Nadorcott n'kutsekera nyengo chakumapeto kwa dzinja la kumeneko. South Africa ndi limodzi mwa maiko otsogola padziko lonse potumiza kunja zipatso za mtundu wa malalanje, ndipo osalala, ofanana kukula, amapakidwa m'makatoni kupita ku Ulaya ndi kwina. Ambiri a timikwingwirima pakhoko amatsala, n'kudzera ku msika waukulu wa ku Epping kufika m'manja mwa ogulitsa pa maloboti. Chipsera cha pakhoko sichichotsa kanthu m'kati mwake. Wogula kathumba ka ukonde ku Retreat amadya vitamini C yemweyo amene wa ku London amadya.

Lachisanu la sabata yomweyo bamboyo adagula kathumba kake koyamba. Adakabisa m'chikwama, pansi pa ovololo, ndipo nachesi loyamba adadyera m'chipinda chitseko chili chotseka. Lidali losalala, lofiira paliponse, lopanda nthanga, khoko lake lochoka lokha. Adaona kuti n'lokoma, koma fungo lake silidafike pa la kwawo. A ku Mwanza nthawi zambiri amapsa khoko lidakali lobiriwira mwina ndi mwina, chifukwa kufiira kwa khoko kumadalira kuzizira kwa usiku, ndipo amakhala ndi nthanga zoti munthu azilavula akucheza. Pofika sabata yachiwiri, mapiritsi ndi zipatso zitagwirizana, magazi a m'kamwa adasiya. Bala lidauma, n'kusiya kachipsera kakuda. Adayambanso kugula mtolo wa repu ndi tomato Loweruka, n'kumaphika mosachedwetsa pamoto monga adamuuzira mlongo wake. Manyazi adatha tsiku limene adaona bambo wina wa jekete ndi tayi, wamkulu kumuposa, akusenda nachesi m'sitima ya ku Muizenberg, makoko n'kumaika m'thumba mwaulemu.

Zitatero maganizo ake adapita kumudzi. Lamlungu lina adaimba pa WhatsApp, ndipo atamva za nyumba ndi za mbuzi, adafunsa za mitengo. Mkazi wake adati chaka chimenecho adagulitsa mitengo yonse kwa wogula wa ku Limbe zipatso zisanapse, kuti ndalamazo ziwonjezere pa fizi. Wogulayo adabwera ndi anyamata ake, adathyola zonse tsiku limodzi, ndipo ana adangotola zogwa.

"Nanga mwanayo kusukuluko amadya chiyani?"

"Nsima ndi nyemba, bambo. Monga mwa masiku onse. Akuti akukhuta."

Mawu akuti akukhuta adamulasa, pakuti ndi omwewo amene iye ankayankha mayi ake. Adaganiza za mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, wofika msinkhu wofuna magazi ambiri, akudya nyemba tsiku ndi tsiku popanda chipatso chothandiza ayironi kulowa m'thupi, pamene manachesi a kuseri kwa nyumba ya agogo ake akwera lole kuti amulipirire sukuluyo.

"Amayi, chaka chamawa mitengo itatu ya pafupi ndi nkhokwe musagulitse. Imeneyo ndi ya ana. Ndipo tsiku lokaona mwana likakwana, mugule dengu laling'ono pamsewu mupite nalo. Ndalama yake nditumiza padera."

Mkazi wake adaseka mpaka foni idagwedezeka. "Kugula manachesi? Ife a ku Mwanza? Bambo, mwayamba liti kuwerengera zipatso?"

Adamufotokozera za bala, za nkhama ndi za namwino, zimene adali atabisa miyezi iwiri yathunthu. Kuseka kudaleka. Patapita kanthawi foni idaperekedwa kwa mayi ake, amene adamva zonse ali pamkeka pambali. Iwo sadafunse za mavitamini. Adangoti mtengo wa pafupi ndi nkhokwewo udabzalidwa ndi malemu bambo ake chaka chimene iye adabadwa, ndipo wakalamba, nthambi zina zauma. Ngati akufuna kuti adzukulu adzadye, atumize ndalama ya mbande zomezanitsa mvula isanayambe, chifukwa mtengo wa nachesi subala chaka chimene waubzala. Kenaka adafunsa funso lawo la masiku onse, ndipo ulendo uno iye adatchula chimodzichimodzi zimene adadya kuyambira m'mawa.

M'chipinda choyandikana ndi chake mudali mutalowa mnyamata wa ku Mangochi, wongofika kumene, wogwira ganyu yotsuka magalimoto. Makoma a malata sabisa kanthu, ndipo bamboyo adadziwa kuti madzulo mnyamatayo sayatsa moto: kumveka kwake kudali kwa pepala la buledi ndi chitsekerero cha botolo basi. Lachisanu lotsatira adagula timatumba tiwiri, n'kugogoda.

"Tenga aka, mphwanga. Awiri pa tsiku, ukatha kudya."

Mnyamatayo adalandira ndi manja awiri, adayang'ana kathumbako, n'kumwetulira mwaulemu. "Zikomo, achimwene. Koma zimenezi si za ana?"

Bamboyo sadatsutse. Adakhala pa chigubu chimene chidali pakhomopo, adapinda mwendo wa buluku mpaka m'bondo, n'kumuonetsa chipsera.